Mphatso ya mwana wokonda nyenyezi: yankho kwa azakhali a ku Chibavi

Mayi wina wa ku Chibavi, mu mzinda wa Mzuzu, wandilembera imelo, ndipo ndati ndiyankhe pano poti funso lake ambiri ali nalo. Akulera mwana wa mchimwene wake, mtsikana wa Fomu 3. Magetsi akangozima, mwanayo amatenga mpando n'kukakhala pabwalo maso ali m'mwamba, mpaka kumuitana kangapo kuti adzadye. Tsiku lake lobadwa layandikira. Mayiyu waona pa Facebook munthu akugulitsa telesikopu yomwe pabokosi pake palembedwa kuti imakulitsa zinthu ka 525, komanso ali ndi mlamu wake ku Johannesburg yemwe akubwera posachedwa ndipo akhoza kumutengera katundu. Akufunsa ngati agule telesikopuyo, kapena ngati pali china choposa.

Mayi, zikomo poganizira mwanayo chonchi. Telesikopu imeneyo isiyeni, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Ntchito yaikulu ya telesikopu ndi kusonkhanitsa kuwala, ndipo chomwe chimasonkhanitsa ndi galasi la kutsogolo kapena kalilole wa m'kati. Kukulitsa kumabwera pambuyo, ndipo kuli ndi malire. Odziwa zinthuzi amawerengera chonchi: tengani kukula kwa galasi m'mamilimita, muchulukitse kawiri, pamenepo ndiye pothera kukulitsa kothandiza. Matelesikopu ambiri a m'mabokosi okongolawa ali ndi galasi la mamilimita 50 kapena 60, ndiye malire ake ndi 100 kapena 120. Kupyola apo chithunzi chimakula ndithu, koma chimada n'kuchita chimbuuzi. Vuto lachiwiri ndi miyendo yake. Imakhala yopepuka, moti kungokhudza pang'ono chithunzi chimavina. Komanso poti dziko likuzungulira, chomwe mwachipeza movutikira chimatuluka m'galasimo pasanathe mphindi. Mwana amayesa masiku angapo, amagwa mphwayi, bokosi limapita pansi pa bedi, ndipo choopsa n'chakuti amayamba kuganiza kuti wolephera ndi iyeyo.

Ndalama yomweyo igulireni binoculars, chida chogwira m'manja choonera zakutali ndi maso onse awiri. Auzeni alamu anuwo afufuze yolembedwa 10x50, kapena 7x50 ngati manja a mwanayo sakhazikika. Nambala yoyamba ndi kukulitsa, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lililonse m'mamilimita. Kamwana ka diso la munthu, ngakhale mumdima wandiweyani, kamatseguka mamilimita 7 basi. Galasi la mamilimita 50 limasonkhanitsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 50 kuposa diso. Palibe zomanga, palibe zolumikiza, chithunzi sichikhala chozondoka, ndipo amaona ndi maso onse awiri.

Tsono taonani zomwe chida chimenechi chingamuonetse ali pompano. Mzuzu uli pafupifupi madigiri 11 ndi theka kummwera kwa equator, pamalo okwera mamita oposa 1,200 kuyerekeza ndi nyanja yamchere. Ndi malo abwino kwambiri, ndipo ambiri mwa ife sitidziwa. Timaona thambo lonse la kummwera lomwe anthu a ku Ulaya amalipirira ndege kuti adzalione, komanso timaona gawo lalikulu la kumpoto.

Kuyambira Epulo mpaka Juni, madzulo akayang'ana kummwera apeza nyenyezi zinayi zopanga mtanda, Southern Cross. Pambali pa nyenyezi imodzi ya mtandawo pali kagulu kothinana kotchedwa Jewel Box, ndipo pafupi pomwepo pali malo akuda bii ngati thambo labooka. Si dzenje ayi, ndi mtambo wa fumbi womwe ukutchinga nyenyezi za kuseri kwake. Chapafupi pali nyenyezi ziwiri zowala zoloza mtandawo. Yowala kwambiri ndi Alpha Centauri, ya m'banja la nyenyezi loyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, koma kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike pa Chibavi. Chakumtunda kwa mtandawo pali Omega Centauri. Ndi maso imaoneka ngati nyenyezi imodzi yosawala bwino, koma mu binoculars imasanduka mpira wa nkhungu, ndipo mu mpirawo muli nyenyezi mamiliyoni. Ine chimenechi sichinditopetsa, chaka ndi chaka ndimachiyembekezera.

Julayi ndi Ogasiti, pakati penipeni pa Mlalang'amba pamadutsa pafupifupi pamutu pathu madzulo. Mwana agone chagada, ayendetse binoculars pang'onopang'ono kuchokera pa nyenyezi yofiira ya Antares kutsata mchira wa Scorpius, gulu la nyenyezi looneka ngati chinkhanira. Paliponse pomwe ayime apeza kagulu kapena kamtambo kowala. Mvula ikamayandikira, Nsangwe imatuluka kummawa dzuwa litangolowa. Maso amawerenga zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri, koma galasi limaonetsa makumi angapo. Nthawi yomweyo kumpoto kumaoneka Andromeda, mlalang'amba wina womwe kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo kummwera kuli timitambo tiwiri tosasuntha ndi mphepo, Magellanic Clouds. Disembala mpaka Malichi, mitambo ikapereka mpata, pali Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana za pa lamba wa gulu la nyenyezi lotchedwa Orion, ndipo pambali pake pali mtambo wa mpweya momwe nyenyezi zatsopano zikubadwira.

Mwezi ndiye osanena. Auyang'ane ukakhala theka, osati wathunthu, chifukwa pamalire a mbali yowala ndi yamdima m'pomwe mithunzi imatalika ndipo maenje ndi mapiri amaoneka bwino. Jupiter ikakhala kumwamba, akatsamiritsa zigongono pa khoma kapena pa mpanda aona timadontho mpaka tinayi tandanda pambali pake. Ndi miyezi yake, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, yomwe Galileo anaiona mu 1610 ndi chida chochepa mphamvu kuposa zambiri za lero. Usiku uliwonse imasintha malo.

Ndinene zoona pa chinthu chimodzi: mphete za Saturn sadzaziona ndi binoculars. Zimafuna telesikopu yeniyeni yokulitsa ka 30 kupita m'tsogolo. Ngati pakatha chaka chidwi chikadalipo, pamenepo musonkherane pabanja mugule ya mtundu wa Dobsonian ya kalilole wa mamilimita 130 kapena 150. Ndi yosavuta kuloza, imakhala pa tsinde lolimba, ndipo ndalama yake imathera pa kalilole osati pa zokongoletsa. Pofika nthawi imeneyo adzakhala akudziwa koloza.

Pogula, alamu anu apewe zolembedwa zoom ndi zija za magalasi ofiira ngati magazi, chifukwa nthawi zambiri zimenezo zimabisa magalasi osalongosoka. Ayang'anire chinthu chakutali monga nsanja ya foni. Chikaoneka pawiri, kapena maso akayamba kukoka, magalasi anasokonekera m'kati, asiye. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, aunike ndi tochi kutsogolo aone ngati mulibe timizere tonga ulusi wa kangaude. Chimenecho ndi chuku, ndipo chikadya galasi sichichoka.

Za mabuku, apa m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa apa anthu amataya ndalama osadziwa. Mabuku ambiri a nyenyezi omwe amafika kuno, makamaka obwera ndi katundu wa kaunjika kapena opatsidwa ku masukulu, analembedwera anthu a ku Britain ndi ku America. Tsamba loyamba limauza mwana kuti ayambe n'kupeza Polaris, nyenyezi ya kumpoto. Pa Mzuzu Polaris siituluka, ili pansi pa chizimezime chaka chonse. Bukulo likati nyenyezi za nyengo yozizira likunena za Disembala, pomwe ife tikupalira chimanga. Zithunzi za Orion ndi za mwezi zimakhala zotembenuka poyerekeza ndi momwe timazionera. Mwana wanzeru amatha mwezi wathunthu akufunafuna chinthu chomwe kulibe. Choncho buku lililonse mulitsegule kaye, muone ngati lili ndi mapu a thambo la kummwera ndiponso ngati Southern Cross yapatsidwa malo ake.

Mwayi wanu ndi alamu a ku Johannesburg aja. Bungwe la Astronomical Society of Southern Africa limatulutsa buku chaka chilichonse losonyeza mwezi ndi mwezi komwe mapulaneti ali, masiku a mwezi watsopano ndi wathunthu, ndi za kadamsana. Limapezeka m'masitolo a mabuku a ku South Africa. Ubwino wake wina ndi wakuti wotchi ya kumeneko ndi ya kuno zimafanana, ndiye nthawi zolembedwamo sizifuna kusintha kwambiri, kungoti ife tili chakumpoto, ndipo nyenyezi za kummwera zimatsikirako pang'ono. Agule la chaka chino, osati lotsala la chaka chatha ngakhale litatsika mtengo. Ngati apezanso kamapu kozungulira kotchedwa planisphere, kaja umatembenuza kuti tsiku ligwirizane ndi ola, aonetsetse kuti ndi ka kummwera kwa equator. Pa foni, pulogalamu ya Stellarium ili ndi mtundu waulere, ndipo mukangoiuza kuti muli ku Mzuzu imasonyeza thambo lathu lenileni. Koma foni ikhale yoonera musanatuluke. Ikalowa pabwalo, mauthenga a anzake amabwera nawo.

Chinthu chotsika mtengo kuposa zonse, chomwe ndingakakamire kuti chisasowe m'phukusimo, ndi kope lachikuto cholimba ndi pensulo. Alembe tsiku, ola, komwe wayang'ana, ndipo ajambule zomwe waona ngakhale ndi timadontho chabe. Akajambula miyezi ya Jupiter sabata imodzi adzazindikira yekha kuti ina imathamanga ina imachedwa. Akalemba ola lomwe nyenyezi ina imatulukira pa denga la oyandikana nawo, adzapeza kuti tsiku lililonse imafulumira ndi mphindi pafupifupi zinayi. Sayansi yomwe akuphunzira m'kalasi idzayamba kumveka mwa njira ina, poti manambala adzakhala ake.

Zina ndi zing'onozing'ono. Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala koyera kumafafaniza zonsezo nthawi yomweyo. Kuwala kofiira sikuononga kwambiri, ndiye tengani tochi wamba mupake kyuteksi wofiira pagalasi lake, kapena mumangepo pepala lofiira la pulasitiki. Kuzizira kwa Mzuzu mu Juni ndi Julayi mukukudziwa, ndipo munthu wongokhala phee kumamulowa msanga: jekete yokhuthala, chipewa, masokosi, mkeka wogonera ndi tiyi wa mu fulasiki. Chinyezi cha kuno ndiye mdani wa magalasi. Akabwera nayo m'nyumba itagwa mame, asaitsekere m'chikwama nthawi yomweyo, aisiye iume kaye, ndipo m'chikwamamo muziikamo timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'bokosi la nsapato zatsopano. Asapukute galasi ndi chitenje kapena malaya, limakandika.

Malaya osindikiza mapulaneti, makapu, ndi nyale zija zimawalitsa timadontho padenga la chipinda, n'zokongola ndithu ngati ndalama yatsala. Koma pali ziwiri zomwe ndikukuletsani. Choyamba ndi satifiketi za pa intaneti zoti mwagula nyenyezi n'kuitcha dzina la mwana. Bungwe lomwe limavomereza maina a zakumwamba, International Astronomical Union, lomwe linakhazikitsidwa mu 1919, siligulitsa maina, ndiye mwagula pepala chabe. Chachiwiri ndi tochi za laser zobiriwira zolozera nyenyezi. Zimatha kuononga diso, ndipo pakhomo pali ana ena. Pomwepo mumuuze mwanayo, ndi ang'ono ake onse akumva, kuti binoculars siiloza dzuwa ngakhale kamphindi, ngakhale pa kadamsana. Diso limapsa munthu asanamve kuwawa.

Tsopano gawo lomwe silibwera ndi basi ya ku Johannesburg. Mtsikana wa msinkhu umenewu sangapite yekha kumdima usiku, ndipo nyale za m'tauni zimaphimba zambiri zomwe ndatchulazi. Pakhomo pomwepo, kuseri kwa nyumba komwe babu la panja silifika, n'poyambira pabwino. Koma ngati muli ndi abale chaku Ekwendeni, ku Rumphi kapena kunyanja ku Nkhata Bay, konzani ulendo umodzi wokagona kumeneko mwezi uli mumdima, ndipo inuyo mukhale naye pabwalopo. Nyengo yabwino ndi kuyambira mvula ikatha mpaka Ogasiti, masiku omwe chifunga sichinatsike. Kuyambira Sepitembala utsi wa moto wa m'tchire umadetsa thambo, ndipo mvula ikayamba mumadikira mipata. Ngati tsiku lobadwalo lili pafupi ndi kumayambiriro kwa Meyi, dzukani mbandakucha wa pa 5 kapena pa 6 Meyi muyang'ane kummawa. Dziko limadutsa m'fumbi lomwe nyenyezi ya mchira ya Halley inasiya, ndipo timiyala take timayaka m'mlengalenga, zija timati nyenyezi yagwa. Halley yeniyeniyo inaoneka komaliza mu 1986 ndipo idzabweranso mu 2061, mwana wanuyo ali mayi wamkulu.

Kumudziko afunsenso agogo maina a nyenyezi, alembe m'kope muja. Nthanda, yomwe imawala mbandakucha, ndi pulaneti ya Venus, ndipo ndi yomweyo imaoneka kumadzulo dzuwa litalowa miyezi ina. Anzathu olankhula Chitumbuka ndi Chitonga omwe tikukhala nawo kuno ali ndi maina awo ndi nthano zawo, ndipo zambiri mwa zimenezi sizipezeka m'mabuku omwe mungagule.

Uthenga wopita kwa alamu anu ukhale wachidule: binoculars ya 10x50 yopanda zoom, ayiyese asanalipire, ndi buku la thambo la chaka chino lolembedwera kummwera kwa Africa. Kope, pensulo, tochi ndi chipewa mugula mu msika waukulu wa Mzuzu momwemu. Mwanayo akakakamira pa chinthu chomwe sakuchizindikira, andilembere kudzera mwa inu, atchule tsiku, ola ndi mbali yomwe anayang'ana, ndidzamuthandiza kuchipeza.