Nkhani ya kumangidwa kwa achimwene anu pa Google

Mayi wina wandilembera imelo sabata yatha. Akuti achimwene awo anamangidwa zaka 7 zapitazo powaganizira kuti anaba ndalama kuntchito. Khoti linawapeza osalakwa, koma mpaka lero munthu akalemba dzina lawo pa Google, chomwe chimabwera pamwamba ndi nkhani ya kumangidwa kuja. Afunsira ntchito malo angapo koma sakuitanidwa. Mayiwa akufunsa ngati Google ingakakamizidwe kuchotsa nkhaniyo, komanso ngati kutero si kubisa zoona.

Mayi, pepani kwambiri. Nkhani yanu yandikhudza.

Ku Spain kunachitika zofanana ndi zimenezi. Mu 1998 nyuzipepala ya La Vanguardia inalengeza kuti nyumba ya bambo wina, Mario Costeja González, igulitsidwa pa okishoni chifukwa cha ngongole yomwe anali nayo kuboma. Ngongoleyo inatha kalekale, koma aliyense wofufuza dzina lake ankakumanabe ndi chilengezo chija. Bamboyu anakadandaula mu 2010, ndipo pa 13 May 2014 khoti lalikulu la European Union, bungwe la mayiko a ku Ulaya, linagamula kuti munthu ali ndi ufulu wopempha Google kuchotsa linki ya nkhani yakale yomwe ilibenso ntchito. Nkhaniyo imatsalabe m'nyuzipepala, imangosiya kutuluka munthu akalemba dzinalo. Mu 2019 khoti lomweli linanena kuti Google siyokakamizidwa kuchita zimenezi kunja kwa mayiko a bungwelo, ndiye chigamulochi sichiteteza achimwene anu kuno kwathu.

Za kubisa zoona, ine ndikuona chonchi. Kumudzi anthu akamakamba za munthu amene anamangidwapo, pamakhala wina woti, "Ayi, ujatu anamumasula, analibe mlandu." Pa Google palibe wonena mawu amenewo. Makina ake amasankha chomwe chiyambe kuoneka, ndipo bwana wolemba anthu ntchito amawerenga mizere iwiri yoyamba n'kutseka. Atolankhani nawonso amathamangira tsiku lomangidwa, koma tsiku la chigamulo ambiri safika n'komwe kukhoti. Choncho chomwe dziko likuwerenga za achimwene anu ndi theka chabe la nkhani, ndipo thekalo likuwadyera ntchito. Apa wosankha zoika pamwamba sangasambe m'manja n'kunena kuti iye sanalembe kanthu.

Komabe sindingafune kuti nduna kapena phungu amene anasakaza ndalama za boma apatsidwe mwayi wofufuta mbiri yake. Khoti la ku Ulaya lija linasiyanitsanso anthu audindo ndi anthu wamba.

Chomwe mungachite panopa ndi ichi: pitani kukhoti komwe mlandu unazengedwa mukatenge chikalata cha chigamulo. Mukatero lemberani mkonzi wa nyuzipepala yomwe inalemba nkhaniyo, muikemo chikalatacho, mupemphe kuti awonjezere pamwamba pa nkhani yakaleyo kuti munthuyu anapezeka wosalakwa, ndipo asinthe mutu wake. Google imaonetsa zomwe zili patsamba lawo, ndiye akakonza iwo, pakapita masiku zimasinthanso pofufuza. Akakana, kaonaneni ndi loya, ndipo mundilemberenso kuti ndidziwe momwe zayendera.