Yankho: CD ya Freddi Fish ikukana pa Windows 11

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene CD yanu ya masewera a ana a Freddi Fish ikukanira kulowa m'kompyuta ya mwana. Vuto nthawi zambiri si masewerawo ayi, koma kapulogalamu kowaikira. Ambiri a zaka za m'ma 1990 anali ndi koikira kachikale ka mtundu wa 16-bit, ndipo Windows ya 64-bit, monga Windows 11, sikazindikira n'komwe.

Njira yachidule ndi Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa masewera a pakompyuta. Masewera a kampani ya Humongous Entertainment, monga Putt-Putt, Pajama Sam ndi Freddi Fish, anaikidwa kumeneko mu 2014, ndipo amayendera pa ScummVM, pulogalamu yoyendetsa masewera akale pa makompyuta atsopano, yomwe imabwera pamodzi nawo.

Koma poti CD muli nayo kale, musawononge ndalama. ScummVM ndi yaulere. Koperani zonse za pa CD kuziika mufoda imodzi, makamaka mafayilo othera ndi .HE0, .HE1 ndi anzake. Tsegulani ScummVM, dinani "Add Game", musankhe fodayo. Mukasiyako fayilo imodzi yokha, mawu kapena nyimbo zimasowa, mwinanso masewera osayamba.

Chithunzi cha masewerawa n'chaching'ono, cha 640x480. Musachikoke kuti chidzaze sikirini yonse, nsombazo zimaoneka zophwatalala. Mizere yakuda m'mbali isakudetseni nkhawa, mwana saiona n'komwe akangoyamba kusewera.