Agogo, Ndingakonze Bwanji Malo Opempherera M'nyumba?

"Agogo, ine ndi amuna anga tangolowa kumene m'banja ndipo nyumba yathu ndi yaing'ono, chipinda chimodzi ndi pabalaza. Ndikufuna malo anga opempherera tsiku ndi tsiku, koma mnzanga akuti popanda guwa lodzozedwa, nsalu yoyera ndi makandulo, pemphero langa silipita patali. Ndiyambire pati?"

Mdzukulu wanga, mtima ukhale m'malo. Zimene wakuuza mnzakozo sanazitenge m'Malemba. Yona anapemphera ali m'mimba mwa chinsomba. Paulo ndi Sila anaimba nyimbo pakati pa usiku m'ndende ya ku Filipi, miyendo ili m'matangadza, ndipo panalibe nsalu yoyera pamenepo. Pa Yohane 4, mayi wa ku Samariya atafunsa ngati malo oyenera ndi phiri lawo kapena Yerusalemu, Ambuye Yesu anamuyankha kuti Atate afuna owapembedza mumzimu ndi m'choonadi. Choncho wina akabwera kudzakugulitsa mafuta kapena madzi akuti udzozere pakona pako kuti Mulungu amve, ndalama yako isunge.

Komabe maganizo akowo ndi abwino, usawataye. Malowo ndi ofunika kwa iweyo, chifukwa mtima wa munthu ndi woyendayenda. Ukakhala pamalo amodzimodzi pa nthawi imodzimodzi, thupi limazolowera, ndipo ukangokhala pansi maganizo amadziwa chimene wabwerera. Taona Danieli. Anali ndi chipinda cham'mwamba cha mazenera oloza ku Yerusalemu, ndipo ankagwada katatu pa tsiku. Mfumu Dariyo italamula kuti kwa masiku 30 wina asapemphe kanthu kwa mulungu aliyense koma kwa iyo yokha, Danieli 6:10 akuti iye anakapemphera monga ankachitira kale. Mawu akuti "kale" amenewo ndiwo andigwira mtima. Sanayambe kufunafuna pogwada mavuto atafika pakhomo.

Kuchepa kwa nyumba kusakudetse nkhawa. John Wesley, mlaliki amene anayambitsa mpingo wa Methodist, m'nyumba yake ya pa City Road ku London, anali ndi kachipinda kakang'ono pafupi ndi chogona chake, ndipo ankadzuka 4 koloko mbandakucha kukapemphera. Mayi ake, Susanna, amene anabereka ana 19, analibe mwayi wotero. Anthu amasimba kuti iwo ankangodziphimba kumutu ndi epuloni, ana n'kudziwa kuti amayi akulankhula ndi Mulungu, phokoso lithe. Iwe sankha kakona kamodzi, kaya m'mbali mwa bedi, kaya pafupi ndi zenera. Ikapo mpando kapena kansalu kogwadira, Baibulo, buku la nyimbo, kope ndi cholembera. Pakhale powala kuti usavutike maso. Basi.

Kopelo usalipeputse. Lembamo mayina a anthu amene walonjeza kuwapempherera, chifukwa ambiri timati "ndikukumbukirani m'mapemphero" koma pofika madzulo taiwala. Lembanso tsiku limene wapempha chinthu. Pakapita miyezi ukawerenga, udzapeza zambiri zoyamikira zimene zikanakudutsa.

Zina zowonjezera zimatsata mpingo wako. Akatolika amaika mtanda, korona ndi chithunzi cha Amayi Maria. Akhristu a Orthodox amakonza ngodya ya zithunzi zoyera, kawirikawiri yoloza kum'mawa. Ena safuna chithunzi chilichonse, Baibulo lokha. Usanyoze mnzako pa zimenezi, ndipo ngati iwe ndi amuna ako munakulira m'mipingo yosiyana, yambani mwakambirana musanakhome chilichonse pakhoma. Kandulo ngati uikonda, ikhale kutali ndi makatani ndi manja a ana, ndipo usagone isanazime.

Tsopano foni. Ndikudziwa undiuza kuti Baibulo lako lili momwemo. Inde, koma momwemonso muli WhatsApp, ndipo vesi usanalimalize uthenga walowa, mphindi 20 zapita ukuseka za eni. Pa nthawi ya pemphero gwira Baibulo la mapepala, foni ikhale kuchipinda china kapena uizimitse.

Pali china chimene ana inu mumachikonda: kukonza pamalo mokongola, maluwa uku, kandulo uku, kenako kujambula n'kuponya pa Facebook. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pa Mateyu 6:6 Ambuye anati ukamapemphera lowa m'chipinda chako, utseke chitseko, upemphere kwa Atate ako amene ali m'tseri. Ananena zimenezi podzudzula anthu okonda kupemphera m'mphambano kuti awonedwe. Kutseka chitseko kumaphatikizanso mawu ako. Kufuula pakati pa usiku mpaka amuna ako ndi oyandikana nawo kusowa tulo si chizindikiro cha mphamvu. Hana pa 1 Samueli 1 ankangogwedeza milomo, mawu osamveka, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera, koma anayankhidwa.

Nyumbayo ndi ya anthu awiri, mwanawe. Kakonako kasasanduke malo oletsedwa, oti amuna ako akaikapo chipewa iwe nkhope yagwa. Aitane nthawi zina muwerenge limodzi, ndipo ana akadzabwera adzakupeze uli chogwada, adzakhale pambali pako ngakhale akusokosa. Mukayambana, usathawire pakonapo kukawaneneza kwa Mulungu uku simukulankhulana. Mateyu 5:23-24 akuti siya mtulo wako patsogolo pa guwa, yamba wakayanjana ndi m'bale wako. Bambowo uwawerengerenso 1 Petro 3:7, pamene amuna akuchenjezedwa kuti kusalemekeza mkazi kumatsekereza mapemphero awo. Ndiponso malo a kunyumba asakulekanitse ndi mpingo. Akhristu oyamba ankasonkhanadi m'nyumba, ngati ya Prisila ndi Akwila ya pa Aroma 16:5, koma ankasonkhana ambiri, osati aliyense payekha.

Masiku ena udzakhala pansi mtima uli gwa, mawu osabwera. Zimachitikira aliyense. Martin Luther, mtsogoleri wa chikhristu wa ku Germany, polembera mnzake Peter amene ankamumeta tsitsi mu 1535, anavomera kuti naye ankazizira m'pemphero, ndipo zikatero ankatenga kabuku kake ka Masalimo n'kuthamangira kuchipinda. Iwenso chita chomwecho. Masalimo alipo 150, ndipo ukamawerenga asanu pa tsiku umawamaliza m'masiku 30, koma ngakhale limodzi lokha likukwanira. Werenga mokweza pang'ono, nena Pemphero la Ambuye mosathamanga, kenako tchula mayina a m'kope muja. Yamba ndi mphindi 10 m'mawa ntchito zisanakugwire. Tsiku lina ukaphonya, usadzilange ndi maola awiri mawa lake, ingobwerera pa mphindi 10 zomwe zija.