Anandichotsa thymus, koma ndinatsala pang'ono kupita

Achemwali, nditangowerenga zoti mng'ono wanuyo akufuna kumuchotsa thymus, mtima wangoti myuu. Ine anandichotsa mu 2019 ku Joni, chifukwa cha myasthenia gravis yomweyi, matenda ofooketsa minofu. Ndinkati ndikangotsitsimuka basi ndachira. Ayi ndithu.

Kachiwalo kameneka kali kuseri kwa fupa la pachifuwa, ndipo ndi komwe asilikali a m'thupi otchedwa T cells amaphunzira kuzindikira mdani. Mwa ife kamasokonekera, m'kati mwake mumadzaza asilikali ena otchedwa B cells, opanga ma antibody (zida zomenyera mdani) amene amatseka malo omwe minofu imalandirira uthenga wochokera kumitsempha. Akakachotsa gwero lija latha, koma ena mwa opanga ma antibody aja anasamukira kale m'mafuta a m'mafupa ndipo akupangabe. N'chifukwa chake kusintha kumatenga miyezi, ena zaka.

Patatha miyezi 4 ndinabwera kumudzi kumaliro, thupi n'kutentha. Bambo wa pa kachipatala kena ndinamuuza matenda anga, iye n'kuseka, akuti mayi mukufuna mundiphunzitse ntchito? Anandipatsa ciprofloxacin, mankhwala opha mabakiteriya amene amatha kukulitsa matenda athuwa. Usiku wachiwiri nsima inakana kutsika. Ndati ndimwe madzi, anatulukira m'mphuno. Zikope ndinkachita kutukula ndi chala, khosi lili lende, malovu chuchuchu pa chitenje, mpweya ukuthera pakhosi. Mwana wanga ali gone pamphasa pomwepo koma mawu omuitanira osatuluka. Ndinamenyetsa kapu yachitsulo pansi mpaka anadzidzimuka. Masiku 6 pa makina opumira! Munthu ameneyo mpaka lero sindinamukhululukire. Apongozi nawonso, amene ankati ndi ulesi wothawa khasu, anangobwera ndi nthochi osapepesa n'komwe.

Komabe opaleshoniyo apite, asaope. Kafukufuku wa anthu 126 amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti ochotsedwa thymus anapeza mphamvu kuposa ongomwa prednisone (mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi), ndipo mlingo wa prednisone wawo unatsika. Inenso pano ndimatafuna chimanga chootcha. Afunse kaye ngati ma antibody ake ndi a mtundu wotchedwa AChR, chifukwa amene ali ndi a mtundu wina wotchedwa MuSK opaleshoniyi siwathandiza kwenikweni. Ngati pali chotupa pa thymus, pamenepo palibe zokambirana, achotse basi.

Mestinon (mankhwala othandiza minofu kulandira uthenga) ndi prednisone asasiye yekha, azimvera madokotala osalimbana nawo. Koma alembe pakapepala ciprofloxacin, gentamicin, kwinini ndi jakisoni wa magnesium, mankhwala amene amatha kukulitsa matendawa, aziyenda nako m'chikwama, ndipo wina akafuna kumupatsa amenewa akane mpaka aonane ndi dokotala amene amamudziwa.