Galu wosauwa uja, ganizani kaye musanamugule

Mayi wina amene amakhala m'nyumba zosanjikizana ku Johannesburg wandilembera kalata pa imelo. Akuti anamva za galu wotchedwa basenji amene sauwa, ndipo akufuna kugula kamwana kake poopa kuyambana ndi anansi chifukwa cha phokoso. Akufunsa ngati n'zoona, kumene galuyu anachokera, komanso matenda amene amavuta nawo.

Mayi, zoti sauwa n'zoona. Kholingo lake linapangika mosiyana ndi la agalu ena, choncho m'malo mwa "hu hu" amatulutsa kamawu kokwera n'kutsika ngati munthu akuyesa kuimba atadzuka kumene. Koma musaganize kuti ndi duu. Mukamusiya yekha tsiku lonse amalira, amakuwa mokhala ngati mwana wapsa, ndipo anansi anuwo adzagogoda ndithu.

Kwawo ndi kunkhalango za ku Congo. Alenje akumeneko ankamugwiritsa ntchito pa uzimba, kuthamangitsira nyama zing'onozing'ono kumaukonde, ndipo poti sauwa ankamumangirira belu lamtengo m'khosi kuti adziwe kumene wafika. Ndi galu wamng'ono, wamtali pafupifupi masentimita 41 mpaka 43, wolemera makilogalamu 10 kapena 11, wa makwinya pamphumi ndi mchira wopindika mpaka kugunda pamsana. Wamkazi amalola wamphongo kamodzi kokha pachaka, pamene agalu ambiri amatero kawiri. Kumutengera ku Ulaya kunavuta. Mu 1923 mayi wina dzina lake Lady Helen Nutting anapita ndi asanu ndi mmodzi ku England kuchokera ku Sudan, onse anafa atabayidwa katemera wa matenda a agalu otchedwa distemper. Zinatheka cha m'ma 1936 ndi agalu amene mayi winanso, Olivia Burn, anachokera nawo ku Congo.

Mbiri imeneyi ndiyo ikukuuzani khalidwe lake. Galu amene kwa zaka zosawerengeka wakhala akuthamanga patsogolo pa mlenje, kudzisankhira yekha kolowera, sayembekezera kuti mumuuze chochita. Mukamuitana amakuyang'anani, n'kuyesa ngati pali phindu, kenako n'kupitiriza zake. Akaona gologolo kapena mphaka wa eni, dzina lake amaliiwala pomwepo, choncho panja pa mpanda chingwe chisamachoke m'khosi. Mpanda wa waya amakwera. Akanyong'onyeka amatafuna nsapato, mapilo, chilichonse. Ubwino wake ndi ukhondo: amadzinyambita ngati mphaka, sanunkha ngati agalu ena, ndipo mvula amadana nayo kwabasi. Kwa alendo sachita nawo chidwi, koma mwini wake amamukonda kwambiri. Kumudzi, kumene nkhuku zimangoyendayenda pabwalo, ine sindingayerekeze n'komwe, milandu ingachuluke.

Pa matenda, choyamba kufunsa ndi Fanconi. Awa ndi matenda a impso otengera kumtundu. Impso zimalephera kubweza m'magazi shuga ndi michere ina, zonse zimangotayikira mumkodzo. Nthawi zambiri amayamba kuoneka galu ali ndi zaka 4 mpaka 8: amamwa madzi kwambiri, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda. Apa n'kosavuta kusokoneza ndi matenda a shuga, chifukwa mumkodzo shuga amapezeka, koma mukayeza magazi mumapeza ali bwinobwino. Galuyo akapatsidwa insulin, mankhwala a matenda a shuga, molakwika akhoza kufa. Mwamwayi masiku ano pali njira yoyezera DNA, yoona ngati galu anatengera matendawa kumtundu, ndiye woweta akuonetseni zotsatira za make ndi bambo wake wa kagaluko. Akayamba kuzemba, bwezani ndalama m'chikwama. Funsaninso za maso, chifukwa ena amayamba kusaona usiku mpaka kuchita khungu, ndiponso za vuto lina la kumtundu limene limathetsa magazi. Wathanzi amakhala zaka 13 kapena kuposerapo.

Simunandiuze ngati masana pakhomo pamakhala munthu. Ngati nonse mumachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, basenji musiyeni. Ngati alipo woti n'kumamuthamangitsa ola lathunthu tsiku lililonse, pitani kaye kwa woweta mukakhale ndi agalu akuluakulu masana amodzi, mukamve nokha kulira kuja musanapereke ndalama.