Andiitana ku karaoke koma mawu anga ndi a chule

Azakhali, ndangofika kumene ku Osaka kudzachita maphunziro. Anzanga a m'kalasi andiitana ku karaoke Lachisanu usiku. Koma ine kuimba ayi ndithu, ngakhale kukwaya kwathu ankandiimika kumbuyo. Ndikane?
Wophunzira, Osaka

Mwanawe, usakane. Ku Japan nthawi zambiri suimba pamaso pa anthu osawadziwa. Gulu lanu limapatsidwa kachipinda kakekake, muli mipando, tebulo, TV ndi maikolofoni, chitseko n'kutseka. Mawu a chulewo akawamva ndi anzako okhawo, amenenso ena mwa iwo amaimba ngati mbuzi yomangidwa. Dzina lakuti karaoke limatanthauza gulu la zoimbira lopanda woimba, ndipo mmodzi mwa amene anayambitsa makina a karaoke, omwe amaliza nyimbo yopanda mawu kuti iwe uziimba motsatira, Daisuke Inoue, anawapanga ku Kobe, pafupi ndi komwe uliko, mu 1971.

Chimene ndikukuchenjeza ndi ndalama. Amalipiritsa munthu aliyense malinga ndi nthawi, ndipo Lachisanu usiku mtengo umakwera. Chakudya ndi zakumwa mumaitanitsa pa foni ya pakhoma, ndiye nkhuku yokazinga imangobwera, bilu n'kumakula mwakachetechete. Funsiratu ngati mukagawana mofanana. Foni yomweyo ikalira, ndiye kuti nthawi yatsala pang'ono, akufunsa ngati muwonjezere.

Sankha nyimbo imodzi yaifupi imene umaidziwa bwino, usaike zitatu zotsatizana. Wina akamaimba, womba m'manja. Uyang'anenso wotchi, chifukwa sitima zimasiya kuyenda cha pakati pa usiku, ndipo takisi ya kumeneko si kabaza.