Funsani Dokotala: Amuna anga sandiyang'ana m'maso, kodi akunama?

Funso: Adokotala, ndakhala pabanja zaka 6. Ndikawafunsa bambo akunyumba kumene achedwa, amayankha atazyolika kapena akuyang'ana kumbali. Mnzanga akuti anaona pa Facebook zoti munthu akamanama amaponya maso m'mwamba chakumanja. Kodi maso awo angandiuze zoona? Ndine mayi wa ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, za pa Facebook zija zitayeni. Akatswiri anaziyesa kale. Mu 2012, Richard Wiseman ndi anzake ku Britain anajambula anthu pa vidiyo, ena akunama, ena akunena zoona, n'kumaona kumene maso awo akuloza. Sanapeze kusiyana kulikonse. Inunso mukudziwa kuti kathyali weniweni amanama maso ali gwa, akukuyang'anani, chifukwa akudziwa kuti mukudikira kuti athawitse maso.

Kumbukiraninso mmene tinaleredwera. Mwana akamatong'olera maso wamkulu amene akumudzudzula timati ndi wamwano. Mkamwini sayang'anizana maso ndi apongozi ake. Munthu amene wakula choncho, akapanikizidwa ndi mafunso, mutu umangowerama wokha. Abale athu opita kukagwira ntchito ku London amavutika nazo zimenezi, popeza kumeneko wosayang'ana bwana m'maso amamuyesa kuti pali chimene akubisa, chonsecho iye akupereka ulemu. Ndiponso nthawi zambiri munthu akamayesa kukumbukira chinthu amayamba wayang'ana kumbali, kuti nkhope ya mnzake isamusokoneze maganizo.

Sindikunena kuti maso sayankhula ayi. Pakati pa diso pali kabowo kakuda, kamwana ka m'diso, kamene kamachepa mpaka mamilimita 2 powala ndi kukula mpaka mamilimita 8 mumdima. Munthu sangakalamule. Kamamvera mitsempha yomwe ija imene imathamangitsa mtima ndi kutulutsa thukuta m'manja ukadzidzimuka. Mu 1960, Eckhard Hess wa ku yunivesite ya Chicago anaonetsa kuti kamakula munthu akaona chithunzi chomukopa. Vuto lake n'lakuti kamakulanso ndi mantha, ndi mkwiyo, ndi masamu ovuta, ndi mankhwala ena. Kamangotiuza kuti m'thupi mwatekeseka, koma chatekesacho sikanena. Ndipo maso athu ambirife ndi oderapo kwambiri, moti ine ndemwe ndimachita kuyatsa tochi kuti ndikaone bwino. Inu mungakaone bwanji usiku pakhomo, magetsi atazima?

Chimene chimaoneka mosavuta ndi khungu lozungulira diso. Dokotala wa ku France, Duchenne de Boulogne, analemba mu 1862 kuti kumwetulira kwa pansi pa mtima kumakoka mnofu wozungulira diso, masaya n'kukwera, timakwinya n'kuoneka m'mbali mwa maso. Kumwetulira kongokondweretsa alendo nthawi zambiri kumathera pa milomo. Mantha amakweza zikope, choyera cha diso n'kuonekera kwambiri, pamene mkwiyo umatsitsa nsidze n'kuzikokera pamodzi. Izi tonse timaziwerenga osaphunzitsidwa. N'chifukwa chake mwana amene wayamba kususuka pamaso pa alendo amaleka mayi ake akangomuponyera diso kamodzi. Koma kuona kuti munthu ali ndi mantha n'kosiyana ndi kudziwa chimene akuopa. Amuna anu akhoza kuopa kugwidwa, akhozanso kungoopa mkangano.

Ndiye funso limene ndikadakufunsani mukanabwera ku chipatala ndi ili: kodi akhala otero chikwatiraneni, kapena ayamba posachedwa? Ngati ndi kale, ndi chibadwa chawo. Ngati ayamba miyezi yomweyi, ndipo sakugona bwino, chakudya akungochitola, mpira umene ankaukonda alibenso nawo ntchito, ganizirani za nkhawa ndi kukhumudwa. Abambo ambiri amene afinyidwa ndi ngongole kapena ntchito ikugwedezeka amayamba n'kuthawitsa maso, pakamwa pali tseke. Amenewo ndi matenda, ndipo amachizika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Afunseni tsiku lina mutakhala pansi, osati ali pakhomo nsapato asanavule.

Funso: Adokotala, apongozi anga aakazi asintha chaka chino. Maso awo ali tong'oo nthawi zonse ngati akwiya, ana mpaka akuwaopa. Aondanso ngakhale amadya kwambiri. Anthu ayamba kunena zambiri. Ndine bambo wa ku Dedza.

Yankho: Bambo, apa musachedwe. Zimene mwalongosolazi zikufanana ndi matenda a chithokomiro otchedwa Graves, dzina la dokotala wa ku Ireland, Robert Graves, amene anawafotokoza mu 1835. Chithokomiro chimakhala kutsogolo kwa khosi, ndipo chikamagwira ntchito mopyola muyezo thupi limakhala ngati galimoto yopondedwa moto osaleka: munthu amaonda akudya, mtima umagunda mofulumira, manja amanjenjemera, amamva kutentha ena akumva kuzizira, tulo timasowa. Minofu ndi mafuta a kuseri kwa diso zimatupa n'kukankhira diso kunja, chikope cha m'mwamba n'kukokekera m'mbuyo. Zikatero munthu amaoneka wolusa ngakhale mumtima muli zii. Matendawa amachititsanso munthu kupsa mtima msanga, ndiye achibale amangoti aha, si izi tinkanena zija. Matendawa amagwira kwambiri amayi kuposa abambo.

Za anthu onena zambirizo zimandiwawa. Agogo angati akumudzi amene maso awo anafiira ndi utsi wa nkhuni, ataphikira ana ndi zidzukulu zaka zonsezi, lero akulozedwa chala kuti ndi mfiti? Atetezeni apongozi anu ku miseche imeneyo.

Apititseni ku chipatala cha boma kuti akawaone pakhosi, akamve kugunda kwa mtima ndi kuyeza magazi. Pali mapiritsi monga carbimazole amene amachepetsa mphamvu ya chithokomiro, koma ndi omwa kwa miyezi yambiri motsatira dokotala, osati ogula pa golosale. Ngati amasuta fodya aleke, chifukwa amakulitsa vuto la maso. Usiku akagona muuze mkazi wanu aone ngati zikope zikutsekeka bwinobwino. Zikapanda kutsekeka, kapena akayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, kumva kupweteka m'maso kapena kuona mwachimbuuzi, pemphani kalata yopita kwa madokotala a maso, monga ku Nkhoma kapena ku Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre, sabata yomweyo.